Mamita zana

Majisitireti sanandiyang'ane nthawi yaitali.
Anawerenga kalata ya kuchipatala, nayang'ana dzanja langa
lomwe zala ziwiri zikukana kupindika,
nadinda chidindo. Phu!
Kalaliki anati: "Mayi Chimphonda, ichi n'chongoyembekezera.
Mudzabwerenso pa 19, bambowo adzayankhe mbali yawo."

Ndinalipinda kanayi pepalalo n'kuliika m'jumbo ya shuga,
poti mitambo inali itakhala kale paphiri
ndipo mvula ya kuno sichita odi.
Wakabaza anandifunsa ngati ndawina mlandu.
Ndinati ingopalasani, achimwene, tikafike ku Chinamwali.

Pepalalo likuti asandiyandikire mamita zana.
Ine ndine telala, tepi yanga imathera pa mita ndi theka,
koma madzulo ndinayeza ndithu,
Lonjezo atagwira kunsonga, akuwerenga mokweza ngati masewera.
Zana linakathera pampopi,
pomwe mayi a Feliya amakazinga zitumbuwa.
Ndinalemba mzere ndi choko changa chosokera.
Mvula inaufufuta tisanalowe m'nyumba.

Apongozi anabwera Lachitatu.
"Banja n'kupirira. Mwamuna amamutengera kuboma
ngati wakuba mbuzi?"
Ndinawapatsa mpando, ndinawapatsa madzi.
Msana wanga sindinawaonetse.
Amaudziwa, anauthowa okha chaka chatha.

Usiku pepala siligona pakhonde ngati galu.
Siliuwa, lilibe mano.
Lili m'kabati ya makina, pamodzi ndi khadi la kusikelo,
ndipo njinga yamoto ikangolira kumsewu wa ku Liwonde
ndimadzuka kukagwira loko watsopanoyo,
kenako n'kukamugwiranso.

Dzulo ndinamuona.
Anaima pampopi pomwepo
atavala malaya omwe ndinamusokera ndekha,
aja a kolala yovuta ija.
Anayang'ana, anayang'ana, nabwerera.
Chinamubweza sindichidziwa,
kaya n'chidindo, kaya ndi maso a azimayi apamzere
omwe anasiya kucheza, zidebe zikusefukira.

Kwatsala masiku asanu ndi anayi,
ndawerenga pakalendala ya kugolosale.
Lero ndamaliza mayunifolomu atatu,
ndaphika osatchera khutu kuchitseko,
ndadya nditakhala pansi mpaka mbale kuyera.
Lonjezo akupinda tepi pang'onopang'ono
wandifunsa ngati pa 19
tingadzawapemphe a kukhoti aja
atiwonjezereko mamita ena.