Pansi pa Msewu, ku Ulaanbaatar

Kumtunda kuja mate amauma asanafike pansi.
Ife tili m'dzenje, a Yondon ndi ine,
momwe mapaipi onenepa ngati mimba ya hatchi
amatenga madzi owira ku fakitale ya malasha
kupita nawo m'zipinda zomwe ana agona atavula masokosi.

Khutu limodzi la a Yondon linafa kale.
Linalo amalibwerekera sikuludiraiva:
nsonga pachitsulo, chogwirira patsaya,
n'kutsinzina, ngati mzamba pamimba ya wapakati.

"Valavu ya chipata iyi," akutero, akusisita gudumu ladzimbiri,
"siidziwa mawu oti mwina.
Kutsegula ndi kutsegula, kutseka ndi kutseka.
Ukaisiya pakati madzi amaidya milomo,
chaka chamawa idzakudonthezera misozi yotentha."
Ndinapotokola, ndikuwerenga, kufika makumi anayi ndi kasanu,
mapewa akuyaka,
chipata chisanakhale pampando wake.

Iwo amakonda ya mimba yobulungira,
yomwe imakhotetsa madzi njira
kuti iwapatse mwa muyeso.
Ati ndiyo ya munthu wogawa zochepa kwa ambiri:
nyumba zakumapeto kwa mzere nazonso zimazizidwa.

Ine mtima unali pa ya mpira.
Kukhotetsa chogwirira kamodzi, basi, zii.
Sabata yoyamba ndinaitseka ndi phuma,
paipi yonse inagunda gwa! gwa! mpaka kukhoma,
madzi aliwiro atasowa kolowera.
Sanandikalipire.
Anangoika dzanja lawo lazipsera pa langa:
"Khulan, chothamanga sichiima ndi lamulo.
Chinyengerere."

Ndiye usiku uja wa mu Januwale,
cha m'ma 3 koloko, magetsi anaphethira, pampu inafa.
Madzi a m'nyumba zosanja khumi ndi ziwiri
anatembenuka kuti abwerere kwawo ndi ukali.
Ndisanapeze tochi, ndinamva khu!
Inali ija yopanda gudumu, yopanda woilamula,
kachitseko kolola opita, kokana obwerera.
Inadzitsekera yokha mumdima.
Palibe anaithokoza.

Tinakwawira kwa ya gulugufe,
mbale yachitsulo yotembenukira m'malo opanikiza
momwe chipata sichikanakwana,
tinaipendeketsa pang'ono, pang'ono,
ndevu za a Yondon zikuchucha thukuta.
Singano ya geji inali ikukwerabe.
Inadutsa pakuda, inalowa pofiira.

Apo yopumira inakuwa.
Phwiii! nthunzi mbuu dzenje lonse,
sipuling'i itagonja pa nthawi yake yogonjera.
Ndinagwa chagada, ndinaitana amayi.
Singano inatsika.

Titakhala pa bokosi la masipanala,
anatsanula tiyi wamkaka wamchere m'chivindikiro cha fulasiki.
"Yomwe sinalirepo usaikhulupirire," anatero.
"Chaka chilichonse uziikoka khutu, uimve mawu.
Ikangokhala chete zaka zambiri imamatirira,
ndipo chophulika chimakhala paipi."

Kenako anatchula dzina la akazi awo, Tserenpil,
lomwe zaka zitatu zonse sindinalimvepo pakamwa pawo.
Anati ankadana ndi fungo la girisi
koma ankawachapira ovolosi ndi manja.
Tiyi anayamba kunjenjemera m'chivindikiro.
Ndinayang'ana geji ngakhale inalibe chondiuza,
ndinawasiya amalize.

Kutacha tinakankha chitsulo chotsekera dzenje.
Utsi wa m'mahema a m'mapiri unali utaphimba dzuwa,
nsidze zanga zinagwira ayezi nthawi yomweyo.
Pansanja yachisanu ndi chinayi mayi wina,
atavala malaya opanda manja,
anatsegula windo, akudandaula kuti m'nyumba mwatentha.

A Yondon anaseka mpaka kutsokomola.
"Mawa," anatero, "tidzaibweza theka la mpotokolo,
ya mimba yobulungira ija."