F2 ndi odi

Mayi Bogumiła sagwira mausi.
Anaitsekera m'dirowa chaka chomwe doko linasintha eni,
pamodzi ndi chidindo chakale ndi supuni yopindika.
Amati dzanja likachoka pa kiyibodi
limabwerako litaiwala chomwe linapitira.

Ndinafika mu Januwale, Gdańsk ali gwa ndi chisanu,
makireni ali chilili kunja kwa zenera.
Anandikhazika pampando wogwedera
nandionetsa tibokosi tosawerengeka pagalasi:
matabwa a paini, matani, masiku, maina a anthu.

Tsiku loyamba ndinalemba pamwamba pa nambala ya mwini,
inazimiririka osatsanzika.
Iwo anangoti, Ziemowit,
kwa eni salowa ndi phewa.
F2 ndi odi.
Dina, uone kamzere kakuphethira kumapeto kwa mawu,
pamenepo walowa, zonse zili m'malo mwake,
konza chilembo chimodzi chomwe wadzera.
Ukakhutira, Enter.
Mtima ukakana, Esc,
utuluke ngati sunafikeko.

Zina ndinazitola ndi maso, zala zawo zili yakaliyakali.
Alt ndi Enter, kuyamba mzere wina usanatuluke m'kabokosi.
F4, kukhomera nambala misomali
kuti isatsetsereke fomula ikamatsika.
Ctrl ndi D ndinaikonda msanga,
imatengera wapamwamba ngati mwana wosafunsa,
ndipo Lachinayi lina inanditengera mtengo wolakwika
mpaka mizere mazana anayi,
sitima ya ku Göteborg ikuliza kale lipenga.
Thukuta kamukamu m'nyengo yozizira.
Iwo sanadzuke n'komwe.
Anatambasula mkono, Ctrl ndi Z, katatu,
dziko linabwerera m'chimake.

Koma pali tsamba lina, la malipiro.
Mzere wa makumi asanu ndi atatu:
Wieńczysław Sobieraj, woyendetsa kireni.
Anamuika m'manda sabata ya Khirisimasi.
Dzina lachiwirilo ndi lomwe lili pachitseko chawo.

Mwezi ukamatha ndinkawaona m'mbali mwa diso
akutsika ndi kamuvi, mzere ndi mzere, osadumpha,
ngakhale amadziwa njira yachidule.
Akafika, F2.
Kamzere kaja phethi, phethi,
kuseri kwa chilembo chomaliza.
Khofi ankazizira.
Kenako Esc.

Abwana analemba kawiri kuti mzerewo uchoke.
Kachitatu anabwera okha, naima pakhomo, nabwerera.

Mu Epulo madzi a padoko atasungunuka
anakankhira kiyibodi kwa ine.
Mabatani ake ukuwadziwa, anatero,
ine ndikateleke madzi.

Shift ndi Space, mzere wonse unadetsedwa
kuchokera pa dzina mpaka pa ziro wa kumapeto.
Ctrl ndi kamzere kochotsera.
Palibe chinalira.
Amene anali pansi anakwera sitepe imodzi,
makumi asanu ndi atatu anakhala munthu wina,
mnyamata wa ku Tczew amene amaseka kwambiri.

Kukhitchini ketulo inayamba kulira.
Chala changa chaching'ono chinali chikadali pa Ctrl,
china chili lende pamwamba pa Z.
Ndinamva makapu awiri akugundana,
mapazi awo akubwera pang'onopang'ono m'khonde,
ndipo sindinadziwe ngati afuna kupeza
ntchito itatha
kapena munthu akadalipo.