Chipata Chokana Kutsekeka

Anandiitanitsa Lachiwiri, a Namaona osamala patchalitchi,
ati chipata cha kumanda akale chakana kutsekeka,
chikumangolira usiku mphepo ikatsika ku Chawe.
Ndinakwera chitunda ndi makina owotcherera pa kabaza,
magetsi n'kuzima ndisanamasule nthambo.

Ndiye ndinakhala pachitsa, n'kumawerenga mpanda.

Mikondo yachitsulo, yoima mondondozana,
nsonga zake zosulidwa ngati duwa losamasula,
ntchito ya nyundo ndi mvukuto,
osati ya timitengo tanga tothetheka.
Amene anapinda mphete izi sankathamangira kwina.
Dzimbiri ladya m'munsi, momwe mumaima madzi a Januwale,
ndere zakwirira dzina la mzinda kumene inasulidwa.

M'katimo mwagona mayina opinda lilime:
uyu zaka makumi awiri ndi zinayi, malungo;
uyo khanda la masabata atatu.
Palibe wobwera kudzalambula. Apusi okha
amakhala pamitanda, n'kumalavula njere za magwafa.

Bambo ankati agogo awo, Che Likaka,
anasenzapo zitsulo ngati izi kuchokera kudooko,
nkhata itaphwatalala, khosi litamira m'mapewa.
Iwo agona ku Jali, kopanda mpanda.
Chizindikiro chawo ndi mbale yobooka ndi tsinde la nkhadze.

Ndinawerenga kawiri. Pasowa mikondo isanu ndi inayi,
yodulidwa ndi macheka, mosamala, usiku ndithu.
Malovu anauma m'kamwa: ndikuidziwa.
Chaka chatha anyamata awiri anafika nayo
pashedi yanga ku Chinamwali, ili m'chiguduli.
Mtengo unali wabwino. Sindinafunse.
Lero ili pazenera la okala ya mayi wina ku Matawale,
ikulondera shuga ndi sopo wa amoyo.

Magetsi anayaka cha m'ma folo.
Ndinawongola hinji, ndinapaka girizi,
m'mipatamo ndinaikamo zitsulo zanga za kumsika,
zoonda, zopanda duwa,
zooneka ngati mano oikirira m'kamwa mwa munthu wamkulu.
A Namaona anafunsa mtengo wa ntchito.
Ndinati mungolipira wa kabazayo.

Anakankha chipata, chinatsekeka osalira.
Anakhoma loko, kiyi n'kumanga kunsonga ya chitenje,
tonse tili kunja.
Mpaka lero ndikamadutsa pamenepo popita kumsika
ndimawerengabe, ndi maso okha,
ndipo yangayo ndi imene yayamba kale kuchita dzimbiri.