Dzina Lolembedwa ndi Madzi

Tinali khumi ndi anayi, a chilimba cha ku Mchesi:
osoka, okhoma zidebe, mayi wogulitsa utaka,
ndi ine wolemba zikwangwani,
utoto wobiriwira ukadali m'zikhadabo.
Nachisale ndiye adasunga ndalama miyezi isanu.
Adati: Tabadwira muno, tikukalambira muno,
koma mzinda wathu timangouonera pa zenera la minibasi.
Lero tiuyendere ngati alendo.

Tinawoloka mlatho, mtsinje utaphwa ndi Okutobala,
anyamata akuyanika nsapato za kaunjika pa miyala.
M'tauni yakale a Dzoole analoza khonde la Boma:
Apa bambo anga ankakhomera msonkho.
Ankapita ndi nkhuku ziwiri, kubwerako ndi kapepala.
Tinaseka. Iwo sanaseke.

Pa chipilala cha asilikali mayina ali ndandanda.
Ndinawerenga ndi chala ngati mwana wa sukulu,
kufuna Kadzakumanja, bambo wa bambo anga,
amene adakwera lole ya nkhondo osabwerako.
Ndinapeza lina lofanana nalo, zilembo zitatu kulibe.
Ndi iwo? Si iwo?
Wosemayo sadafunse munthu.
Ine amene ndimalipiritsa pa chilembo chilichonse
ndinaima duu, kuwerengera ngongoleyo.

Nyumba ya Malamulo tinaionera pa geti.
Zelesi anajambulitsa atagwira mpanda
ngati ndi wake.

Dzuwa litapendeka tinafika kwa Mayi Shen,
amene amasoketsa makatani kwa Nachisale.
Nyali zofiira za mapepala zikulendewera mu mtengo wa mango,
tiyi wopanda shuga, wopanda mkaka,
m'timakapu tonga chigoba cha dzira.
A Dzoole ananong'ona: Kodi tadwala?
Anatipatsa timitengo tiwiritiwiri todyera.
Mtedza wa Zelesi unathawa, kukagwera m'nsapato ya dalaivala,
mwini nyumba nkuseka mpaka kugwira m'nthiti.

Kenaka anatuluka bambo awo, tsitsi lili mbuu,
ndi burashi yaitali ngati mpini wa khasu
ndi ndowa ya madzi a pampopi.
Anaviika, nawerama, nalemba pa simenti yotentha.
Dzanja silinathamange. Linkapuma pokhota,
ngati munthu wodziwa njira usiku.
Anafunsa dzina langa kudzera mwa mwana wawo.
Sindidziwa chinandigwira. Ndinatchula la pa chipilala.
Tanthauzo lake? Kamene kadabwera ku dzanja lamanja.
Anagwedeza mutu, najambula timizere
tonga dzanja, tonga phesi la mapira litaima.

Ndinakuwa: Zikuuma!
Iwo anangoti mwee.
Mayi Shen anati: Mawa alembanso.
M'mawa uliwonse amalemba dzina la mng'ono wawo
amene madzi osefukira adamutenga kwathu,
bambo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Amati dzina la pa mwala anthu amalisiyira mwala.
La pa madzi limafuna mwini wake adzuke.

Anandipatsa burashi.
Zaka makumi atatu ndalemba OSAKODZA PANO,
ndalemba NGONGOLE MAWA, ndalemba TIMAMETA,
koma dzanja linanjenjemera.
Ndinalemba zilembo zonse, khumi ndi ziwiri,
osasiyapo nchimodzi chomwe.
Pofika pa A womaliza, K anali atapita kale.

Pobwerera Nachisale ankawerenga chenje pa chitenje,
a Dzoole akufunsa ngati tiyi uja amagulitsa pa Tsoka.
Maluwa a jakaranda anali atamatirira pa galasi.
Ine ndinali chete mpaka pa depoti.

Lero, ndisanatsekule zitini za utoto,
ndatunga madzi m'chigubu chodula,
ndagwada pa khonde la shopu.
Wokhoma zidebe wandipeza, wafunsa:
Achimwene, wakulipirani ndani ntchito imeneyi?