Phazi la Eneles

Thabwa loponyerapo mpira wa sofutibo
tinalizula pa desiki yothyoka ya Sitandade 6
n'kulikhomera m'dothi lofiira la pa Chitakale.
Ndinawauza anawo mpaka mawu kusasa:
phazi lakumbuyo likhwekhwereze pansi, lisauluke.

Loweruka woimbira sanafike,
minibasi inawafera pa Nkando.
Wezulo anandipatsa ine.

Chiperoni chinali chitameza phiri.
Othyola tiyi, madengu kumsana,
anaima kuseri kwa mpanda n'kumakuwa dzina lako.
Unazunguza mkono, Eneles,
mpira unachoka ngati mwala wa legeni,
mwana wa ku Luchenza anangomenya mphepo.
Koma ine ndinaona kampata
pakati pa zala zako ndi nthaka,
koti buluzi n'kudutsapo.

Panalibe wina anaona.
Wezulo inalemera m'kamwa.
Ndinaimba.

Unandiyang'ana ngati ndaba mbuzi kwanu.
"Aphunzitsi, si ndinu athu kodi?"
Ndine wanu, ndinatero chamumtima, n'chifukwa chake.
Tinagonja ndi chigoli chimodzi.
A Mulepa, bambo ako, anandimana moni
sabata yathunthu pamsika;
nanazi ndinkakagula kwa ena.

Lolemba linalo, ndikukatsegula kalasi m'mamawa,
ndinakupeza wekha pabwalo, wopanda nsapato,
ukugenda tsinde la bulugamu.
Sunandilonjere.
Koma kutsogolo kwa thabwa lija
chala chako chachikulu chinali chitalemba mzere
wautali, wakuya, wosaduka,
ndipo mvula yamawawa
inali itayamba kudzazamo.