Waya Wopotedwa Chakumanzere

Anaibweretsa chokoka ndi chingwe, Lachiwiri m'mawa,
nkhungu isanachoke pa Luwinga:
Pijo yoyera imene inasanduka mtundu wa phulusa,
matayala awiri obwereka, mipando ikununkha makoswe.
Temwanani, mwana wa malemu a Nyasulu, anati:
Sindikufuna kuti ingolira basi.
Ilire mmene inkalirira
bambo akamatsika nayo kuchokera ku Chikangawa.

Ndinatsegula boneti.
Kabuleta imene ndinapeza si yake.
Ya Datsun iyi, mlendo pa mpando wa mwini nyumba,
yokhazikidwa pa kachitsulo kodula ndi sowo,
mabowo okulitsidwa ndi tupa,
waya wake wopotedwa chakumanzere.

Chakumanzere.
Ndinalowetsa dzanja langa m'thumba la ovolosi.

Ndinali kamnyamata kogwira sipanala ku Chibanja
tsiku limene ndinawauza kuti yawo yafa.
Sinafe ayi.
Munalowa kamchenga m'jeti, kochepa kuposa njere ya mpiru.
Ndinkati ndikaigulitsa ndigule njinga.
Wogula sanabwere, kenaka ndinaopa kumufuna.
Ndasamuka nayo katatu m'chitini cha penti,
Chibanja, Zolozolo, Chiputula,
mkazi wanga akuyesa ndi misomali.

Usiku ndinaivuula mu oilo wakuda.
Pakhosi pake kachikwangwani ka mkuwa kadakalipo,
manambala asanu, lomaliza lofufutika theka.
M'galimoto munali buku lake, masamba omatana ndi chinyezi.
Ndinawalekanitsa ndi lezala,
ndinapeza tsamba, manambala anagwirizana,
ndipo m'mphepete, ndi bolopeni yofiira,
dzanja la a Nyasulu:
Yeniyeni ili ndi mnyamata wamanzere uja.

Popanda tsiku. Popanda mawu ena.
Zaka zonsezo ankandipatsa moni pa depoti,
nthawi zina ndi nthochi.

Ndinaimasula chidutswa chidutswa pa nyuzi,
ndinaiviika mu palafini masiku awiri,
kuitsuka ndi mswachi wa mwana wanga.
Jeti sabaya ndi waya, amauzira ndi pakamwa
mpaka kuwala kwa babu kuoneke mbali inayo.
Fuloti ndinaigwedeza pafupi ndi khutu:
munali petulo wakale akuyankhula m'kati.
Ndinaiumitsa, ndinatseka kabowo ndi mtovu.
Gasiketi ndinadula pa chikuto cha kope,
kugogoda pang'onopang'ono ndi mutu wa bawuti.

Sefa ya petulo inandizunguza.
Ya pulasitiki ija ndinaizula ndi dzanja limodzi,
koma yake inali ya kambale kagalasi,
kokhala ndi ukonde wa mkuwa m'kati.
Ndinayenda msika wonse mvula ikuwaza,
mpaka pa benchi ya NyaChirwa wogulitsa mabawuti:
anali kusungiramo mawashala ang'onoang'ono.
Anati zikwi khumi ndi ziwiri. Ndinaseka.
Anakhuthula mawashala m'chikhatho, nayembekeza.
Ndinalipira.

Loweruka Temwanani anafika ndi ambulera yothyoka nthiti.
Petulo anakwera m'kagalasi tikuona,
wofiirira ngati tiyi wosathira mkaka.
Koyamba inatsokomola.
Kachiwiri inalavula utsi, agalu a kuseri anauwa.
Kachitatu inagwira.
Ndinatembenuza sikuluwu theka, kubwezanso pang'ono,
khutu langa pafupi ndi chitsulo,
mpaka kunjenjemera kwa boneti kunatha.

Iye sanalankhule. Anagwira chitseko,
mutu utapendekera ngati womvera munthu ali kutali.

Kenaka: Munaipeza kuti?

Ndinapukuta manja nthawi yaitali kuposa mmene anadera.
Ndinamupatsa bukulo, chala changa pa tsamba lija,
chala cha dzanja lamanzere.
Anawerenga. Anandiyang'ana. Anawerenganso.
Mvula inakula pa malata,
injini ikupuma yokha pakati pathu.

Pa lisiti ndinalemba sefa ndi palafini.