Nsomba Imaona Mimba

Ku Cananéia madzi amchere amalowa m'nkhalango kawiri patsiku,
osagogoda,
ndipo mitengo yakumeneko inazolowera kuimirira pamizu
ngati anthu opinda mathalauza powoloka.
Ndinafikako ndi bokosi la nyambo makumi atatu
zogula ku São Paulo ndi ndalama za penshoni:
zagolide, zamawangamawanga,
ina ya maso ofiira ngati munthu wochezera ku bala.

Dona Valdirene anatsegula bokosilo ndi chala chimodzi
nazigoneka zonse chagada
ngati namwino pa tsiku la sikelo.
"Penti wa pamsanayu anapakira inuyo, Seu Aderbal.
Nsomba ili pansi. Imaona mimba."

Anatolapo zitatu zokha.
Yoyamba, ya kukamwa kokumbika ngati kapu,
yolavula madzi ukaikoka: phwa, phwa.
"Iyi ndi ya kamphepo, madzi akachita makwinya,
pofunika kufuula kuti akumve."
Yachiwiri inali ndi kachitsulo kozungulira kumchira,
ya m'madzi a matope, mvula ikagwa kumapiri.
Yachitatu sinali yanga n'komwe.
Anaitulutsa m'thumba la epuloni:
kamtengo koonda ngati ndudu, kosema yekha,
mimba yoyera mbuu, mbedza zosinthidwa kanayi.

M'mawa umenewo madzi anali phee,
chifunga chitakhala pamwamba pake osawakhudza.
Anazimitsa injini kutali, tinafika ndi nkhafi.
"Ponyani pafupi ndi mizu, pomwe mukuopa kukodwapo.
Ikagwa isiyeni.
Mizere ya madzi ithe kaye."

Ndinaisiya. Nkhanu inandiyang'ana ili pamuzu.
Kenako nsonga ya ndodo pansi, dzanja likugogoda pang'onopang'ono,
chingwe chokhwepa pang'ono,
ndipo kamtengo kaja kanayamba kuyenda:
kumanzere, kumanja, kumanzere,
ngati kansomba kovulala kosadziwa kwawo.
Kuima.
Kumanzere.

Khuvu!
Madzi anang'ambika, ndinaona mzere wakuda m'nthiti mwa robalo,
ndinakoka ndi mphamvu zonse,
nyambo inauluka n'kudzamenya chipewa cha Dona Valdirene.
Sanaseke. Anachotsa mbedza m'chipewamo bwinobwino.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinayendetsa basi.
Phazi langa limaponda buleki
maso asanamalize kuona.
Ndi mmene ndinapulumutsira mwana wa yunifolomu yabuluu,
galu, agogo a ambulera, njinga zosawerengeka.
Tsopano mayi uyu akuti ndiiwale zonsezo,
akuti kuona si kugwira,
akuti thovu ndi phokoso chabe,
ndidikire kulemera.

Kachiwiri ndinakokanso msanga.
Kachitatu ndinatukwana, kakowa anauluka.
Madzi anali atayamba kubwerera kunyanja
atanyamula masamba ndi botolo la munthu wina.

"Tsinzinani," anatero.
"Ndiponye bwanji?"
"Ponyani kaye. Kenako tsinzinani."

Mumdima wa zikope zanga munali timaphokoso:
thi, thi, thi, kamtengo kakuyenda,
udzudzu pakhutu,
matope akupuma kuseri kwa mizu.
Khuvu lija linabweranso
ndipo dzanja langa linanjenjemera, koma linakhala.
Mphindi yake inali yaitali ngati loboti yofiira
pamene wachedwa kale.
Kenako chingwe chinauma gwa,
ndodo inawerama,
china chake chamoyo chinandigwira dzanja kuchokera pansi.

Inali yaing'ono.
Sinafike pamzere womwe anajambula pathabwa la bwato.
Ndinaigwira m'madzi mpaka makha ake anayambanso kutsekuka,
mchira unandimenya chala, inapita.

Kamtengo kaja anandigulitsa mtengo wa malita asanu a petulo.
Kali pawindo panopa, chagada,
pamimba pake pali pokalika patsopano
pomwe ndimapapasa ndi chala ndikamadikira khofi.
Zina makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu zija
ndinampatsa mlamu wanga Genivaldo.
Akuti ndi zokongola kwambiri.